Kuwerenga Baibulo ndi Kumvetsa Bwino

Anthu amene amabwera ku sukulu za kwacha kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi amabwera ndi zolinga zosiyanasiyana. Ena amafuna kumalemba okha dzina lawo, kuti aleke kudinda chala. Ena amafuna kumawerenga okha manambala a pa sikelo pogulitsa mtedza, soya kapena fodya. Enanso amati, "Ine ndifuna ndizitsekula ndekha Baibulo, ndisamangomvera za m'kamwa mwa anthu."

Ngati inu muli m'gulu lomalizali, kabuku kano ndi kanu. Zilembo mwazidziwa. Mawu mukutha kuwalumikiza. Koma kutchula mawu ndi kumva tanthauzo lake ndi zinthu ziwiri zosiyana. M'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 8, muli nkhani ya nduna ina ya ku Ethiopia. Munthuyu adali wophunzira ndithu, wosunga chuma cha mfumukazi ya kwawo. Ankawerenga buku la Yesaya ali pa galeta, koma sankamva zimene ankawerengazo mpaka Filipo adakhala naye n'kumufotokozera. Tsono inunso musachite manyazi mukapeza mawu ovuta. Paja safunsa adadya phula.

Kabuku kano sikakusankhirani mpingo ayi. M'makalasi mwathu muli anthu a mipingo yambiri, ndipo onse timawalemekeza. Mfundo yake ndi imodzi basi: musatole ndime imodzi n'kuthamanga nayo. Werengani nkhani yonse.

BAIBULO LA CHICHEWA LIDAYAMBIRA KWATHU KONKUNO

Baibulo silidalembedwe m'Chichewa poyamba, ngakhalenso m'Chingerezi. Chipangano Chakale chidalembedwa m'Chihebri, ndi zigawo zochepa m'Chiaramu. Chipangano Chatsopano chidalembedwa m'Chigriki. Kuti ife timve, padayenera kukhala anthu otembenuza mawuwo.

Mu Novembala 1889 amishoni awiri ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, adayambitsa mishoni ya Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere. Mu 1894 Robert Blake adatsekula mishoni ina ku Kongwe. Pambuyo pake ntchito idafikanso ku Chinthembwe, m'mapiri a Ntchisi. Paliponse pamene ankafika ankayambitsa sukulu, chifukwa ankafuna kuti anthu aziwerenga okha.

Mmodzi wa amishoni a ku Mvera, William Murray, ndiye adatsogolera ntchito yotembenuza Baibulo lonse. Sadagwire yekha. Adathandizana ndi amishoni a ku Blantyre ndi a kwina, ndiponso ndi aphunzitsi a kuno kwathu, eni ake chilankhulo. Mbali ina ya ntchitoyi idachitikira pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera. Idatenga zaka zambiri, ndipo bukulo lidasindikizidwa mu 1922. Ndilo lija timalitcha Buku Lopatulika. Nthawi imeneyo chilankhulo chathu chinkatchedwa Chinyanja. Dzina loti Chichewa boma lidalikhazikitsa mu 1968.

Mukapeza Baibulo lakale la agogo anu, mudzaona kuti mawu ena adalembedwa mwachilendo. Pamene ife timalemba "ch", iwo ankangolemba "c". Musadabwe. Ndi kalembedwe ka masiku amenewo, tanthauzo silisintha.

KAPEZEDWE KA MUTU NDI NDIME

Abusa akanena kuti, "Titsekule Marko 7:19," akutchula zinthu zitatu. Marko ndi dzina la buku. Nambala yoyamba, 7, ndi mutu. Ena amati chaputala. Nambala yachiwiri, 19, ndi ndime. Ena amati vesi. Kumayambiriro kwa Baibulo kuli mndandanda wa mabuku onse ndi tsamba pamene buku lililonse layambira. Yambani mwapeza bukulo. Kenaka funani nambala yaikulu ya mutu. Pomaliza tsikani ndi chala mpaka mupeze nambala yaing'ono ya ndime.

Koma dziwani ichi. Manambala amenewa sadaikemo ndi Mose, kapena Marko, kapena Paulo. Iwo ankangolemba nkhani yawo molumikiza. Mitu imene tili nayo lero adaigawa ndi Stephen Langton wa ku England cha m'ma 1200. Ndime za Chipangano Chatsopano adaziika manambala ndi munthu wosindikiza mabuku, Robert Estienne, mu 1551. Adatero kuti tizipeza msanga malo amene tikufuna. Manambalawo ali ngati zikwangwani za m'mbali mwa msewu wa ku Salima. Chikwangwani chimangokuuzani pamene mwafika. Sichitanthauza kuti msewu wathera pomwepo.

MAFUNSO ANAYI OTI MUZIDZIFUNSA

Tiyerekeze kuti mwana wanu amene akugwira ntchito ku Joni wakulemberani kalata. Pakati pa kalatayo pali mawu akuti, "Ndalama sinditumiza." Mukangowerenga pomwepo n'kupinda kalata, mudzakwiya. Koma mukapitiriza mupeza kuti akuti, "Ndalama sinditumiza, chifukwa ndibwera nazo ndekha pa Khrisimasi." Mwaona? Mawu ndi omwewo, koma nkhani yasintha. Mabuku ambiri a Chipangano Chatsopano ndi makalata enieni, olembedwa kwa anthu enieni. Tsono powerenga muzidzifunsa mafunso anayi awa.

Loyamba: akulankhula ndani? Si mawu onse a m'Baibulo amene adalankhula ndi Mulungu. Muli mawu a Farao, a Yudasi, ngakhale a Satana amene. M'buku la Yobu anzake atatu amalankhula mitu yambiri. Mawu awo amamveka ngati anzeru. Koma pa Yobu 42:7 Mulungu akuwakalipira chifukwa sadanene zoona za Iye. Munthu wongotola ndime pakati pa bukulo akhoza kulalikira mawu amene Mulungu adawakana.

Lachiwiri: akulankhula kwa yani? Nowa adauzidwa kukhoma chombo. Inu simudauzidwe zimenezo. Pali mawu a munthu mmodzi, pali mawu a mtundu wa Israele pa nthawi yake, ndipo pali mawu a anthu onse.

Lachitatu: nkhaniyi yayambira pati, ndipo yathera pati? Mfumu yabwino siweruza mlandu itangomva mawu awiri. Imayamba yamva mbali zonse. Inunso bwererani m'mbuyo ndime zingapo, kenaka pitirirani kutsogolo mpaka nkhani ithe.

Lachinayi: awa ndi mawu a mtundu wanji? M'Baibulo muli mbiri, malamulo, nyimbo, miyambi, mafanizo ndi masomphenya. Ife Achewa miyambi timaidziwa. Akulu akati mutu umodzi susenza denga, palibe amene amapita kukaika denga pamutu kuti ayese. Pa Mateyu 5:29 Yesu akunena za kuchotsa diso limene likukuchimwitsa. Ophunzira ake sadadzikolowole maso ayi. Adamva kuti akuwauza kulekana ndi tchimo ngakhale zitapweteka chotani.

Tsopano tiyeni tigwiritse ntchito mafunsowa poyankha zimene anthu amafunsa kawirikawiri.

"LANGA LIKUTI YEHOVA, LA MNZANGA LIKUTI CHAUTA. LOLONDOLA NDI LITI?"

Baibulo la Chichewa si limodzi. Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966. Mu 1998 kudatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi a mipingo ina adatembenuzira pamodzi, m'Chichewa chapafupi ndi chimene timalankhula. Onsewa akutembenuza mabuku omwewo, koma gulu lililonse lidasankha mawu amene lidaona kuti anthu amva bwino.

M'Chihebri dzina la Mulungu limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH. Ayuda ankaliopa kwambiri dzinali, kotero kuti adaleka kulitchula. Akafika pamenepo powerenga ankangoti Ambuye. Otembenuza Buku Lopatulika adalemba kuti Yehova. Otembenuza Buku Loyera adasankha Chauta, dzina limene makolo athu ankatchula Mlengi wopatsa mvula amishoni asanafike. Tsono si milungu iwiri ayi. Ndi dzina limodzi lachihebri, lotembenuzidwa m'njira ziwiri.

Ngati ndime ina yakuvutani, bwerekani Baibulo la mnzanu muiwerengenso m'menemo. Nthawi zambiri pamene lina lavuta, linzake limamasula.

"BWANJI BAIBULO LA AKATOLIKA LILI NDI MABUKU AMBIRI?"

Baibulo limene amagwiritsa ntchito a CCAP ndi mipingo ina yambiri lili ndi mabuku 66. M'Chipangano Chakale muli 39, m'Chatsopano muli 27. La Akatolika lili ndi mabuku 73. M'Chipangano Chakale muli 46, m'Chatsopano muli 27. Kusiyana kuli pa mabuku 7 a m'Chipangano Chakale, monga Tobiti, Yuditi ndi mabuku awiri a Amakabeo.

Chifukwa chake ndi ichi. Yesu asanabadwe, Ayuda ena okhala kunja kwa dziko lawo adatembenuzira malembo awo m'Chigriki, ndipo mabuku amenewa ankawerengedwa pamodzi ndi enawo. Akhristu oyamba ambiri ankawerenga Chigrikicho. Koma mndandanda wa Ayuda wa m'Chihebri ulibe mabuku 7 aja. M'zaka za m'ma 1500, Martin Luther ndi anzake adatsata mndandanda wachihebri, pamene Akatolika adasunga mndandanda wautali uja. Palibe amene adang'amba masamba usiku kapena kuwonjezera mobisa. Ndipo Chipangano Chatsopano, mmene muli nkhani ya Yesu, ndi chimodzimodzi kwa onse.

"TSIKU LA SABATA NDI LITI, LOWERUKA KAPENA LAMULUNGU?"

Funso ili limatisokoneza chifukwa cha mayina a masiku m'Chichewa. Ife timawerenga masiku kuyambira tsiku loyamba ntchito. Timati Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu. Mwa kawerengedwe kameneka Lamulungu limaoneka ngati tsiku la 7. Koma Ayuda ankawerenga mosiyana. Kwa iwo tsiku loyamba lidali limene ife timati Lamulungu, ndipo la 7 lidali Loweruka. Tsono Sabata lotchulidwa pa Eksodo 20:8-11 ndi Loweruka. Linkayamba Lachisanu dzuwa likalowa, n'kutha Loweruka dzuwa likalowa.

Nanga bwanji Akhristu ambiri amapemphera Lamulungu? Werengani Marko 16:1-6. Yesu adauka kwa akufa tsiku loyamba la mlungu, Sabata litapita. Pa Machitidwe 20:7 tikupeza okhulupirira atasonkhana tsiku loyambalo kuti anyeme mkate. Pa 1 Akorinto 16:2 Paulo akuwauza kuti aziika padera chopereka chawo tsiku lomwelo. N'chifukwa chake mipingo yambiri imasonkhana Lamulungu, pokumbukira kuuka kwa Ambuye.

A Seventh Day, amene mishoni yawo ya Malamulo ku Thyolo idayamba mu 1902, amayankha kuti lamulo la Sabata lili m'gulu la malamulo khumi ndipo silidasinthe. Amaonetsanso kuti Yesu ndi Paulo ankalowa m'sunagoge tsiku la Sabata. Mbali zonse ziwiri zikuwerenga Baibulo. Mukafuna kudziwa zimene Paulo adalangiza anthu osiyana maganizo pa za masiku, werengani Aroma mutu 14 wonse. Akuti aliyense atsimikize mumtima mwake, ndipo asaweruze mbale wake.

"KODI MKHRISTU ADYE NKHUMBA, MBEWA NDI MLAMBA?"

Levitiko mutu 11 ukutchula nyama zimene Aisraele adaletsedwa kudya. Nkhumba ilimo. Kalulu alimo. Mbewa zilimo. Nsomba zopanda mamba, monga mlamba, nazonso zidaletsedwa. Koma dzombe ndi ziwala adaloledwa kudya. Funsani tsono: akulankhula kwa yani? Ndime zoyambirira za mutuwo zikuonetsa kuti Mose ndi Aroni adatumidwa kukauza ana a Israele.

Anthu ambiri poyankha funsoli amathamangira ku Machitidwe mutu 10. M'menemo Petro adaona m'masomphenya chinsalu chodzaza ndi nyama za mitundumitundu, ndipo adauzidwa kuti aphe adye. Koma musaime pomwepo. Pitirirani mpaka ndime 28. Petro mwini wake akumasulira kuti Mulungu wamuonetsa kuti asamayese munthu aliyense wodetsedwa. Masomphenyawo kwenikweni ankanena za anthu a mitundu ina, monga Korneliyo, kuti nawonso alandiridwe.

Malo amene akunena za chakudya mwachindunji ndi ena. Pa Marko 7:14-23 Yesu akuphunzitsa kuti chodetsa munthu si cholowa m'mimba, koma zoipa zotuluka mumtima. Pa Machitidwe mutu 15 atumwi adakhala pa msonkhano ku Yerusalemu kukambirana ngati Akhristu a mitundu ina ayenera kusunga malamulo onse a Mose. Adagwirizana zowapatsa zoletsa zochepa chabe, ndipo nkhumba sadaitchule. Potsata malo amenewa mipingo yambiri siletsa zakudyazi. Mipingo ina imasungabe Levitiko 11, ndipo imati Yesu pa Marko 7 ankayankha nkhani ya kusamba m'manja. Apanso Aroma 14 akutithandiza: wakudya asanyoze wosadya, ndipo wosadya asaweruze wakudya. Mlendo wosadya nkhumba akafika pakhomo panu, muphereni nkhuku. Musamukakamize, musamuseke.

"KODI KUPITA KU CHIPATALA NDI KUSOWA CHIKHULUPIRIRO?"

Mafunso enawa anthu akhoza kusiyana maganizo n'kukhalabe bwinobwino. Koma funso ili ndi la moyo ndi imfa. Mu 2010 m'Malawi mudabuka chikuku. Anthu oposa 100,000 adadwala, ndipo ena, makamaka ana, adamwalira. Pa nthawiyo padali makolo ena amene ankakaniza ana awo katemera ndi mankhwala, ati chikhulupiriro chawo sichilola.

Oletsa chipatala amakonda kutchula malo awiri. Oyamba ndi Yakobo 5:14-15, pamene akuti wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere ndi kumudzoza mafuta. Werengani bwino. Akulamula kupemphera, inde. Koma palibe pamene akuletsa mankhwala. Malo achiwiri ndi 2 Mbiri 16:12, nkhani ya Mfumu Asa amene adadwala mapazi, napita kwa asing'anga osafuna Mulungu. Werengani mutu 16 wonse. Asa adali atayamba kale kudalira mfumu yachilendo m'malo mwa Mulungu, ndipo mneneri amene adamudzudzula adamuponya m'ndende. Mlandu wa Asa udali wakuti adamutaya Mulungu mpaka pa matenda pomwe.

Tsopano onani malo ena. Pa Yesaya 38:21, Mfumu Hezekiya atadwala chithupsa, mneneri Yesaya yemweyo adalamula kuti amuike nkhuyu pa chithupsacho. Hezekiya adapemphera, mankhwala adalandiranso. Pa Luka 10:34 Msamariya wachifundo adatsuka mabala a munthu wovulala ndi kuwamanga, ndipo Yesu adamuyamikira. Pa Akolose 4:14 tikumva kuti Luka, mnzake wa Paulo, adali sing'anga. Pa Marko 2:17 Yesu akupereka chitsanzo cha odwala amene amafuna sing'anga, osanena kuti n'kulakwa.

Pomaliza werengani Mateyu 4:5-7. Satana adatengera Yesu pamwamba pa Kachisi n'kumuuza kuti adzigwetse pansi. Adatchula ngakhale ndime ya mu Salimo 91, yonena za angelo oteteza. Taonani, Satana nayenso amadziwa kutola ndime imodzi! Yesu adamuyankha ndi malembo ena, oletsa kumuyesa Mulungu. Kusunga mwana wotentha thupi m'nyumba masiku atatu, chipatala chilipo, si chikhulupiriro chimenecho. Kumeneko ndi kumuyesa Mulungu.

Kumbukiraninso kuti zipatala zambiri kuno adamanga ndi mipingo. Cha Nkhoma ndi cha CCAP. Cha Madisi ndi cha Mtengowanthenga ndi za Akatolika. Cha Malamulo ndi cha a Seventh Day. Pempherani, itanani akulu a mpingo, koma mwana mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo katemera asaphonye.

MUSAWERENGE NOKHA NTHAWI ZONSE

Pa Machitidwe 17:11 anthu a ku Bereya akutamandidwa. Paulo atawalalikira adamvetsera ndi mtima wonse, koma tsiku ndi tsiku ankafufuza m'malembo kuti aone ngati zimene adamvazo zili momwemo. Paulo sadakwiye nazo. Mlaliki woona sakwiya mukatsekula Baibulo kuti muone nokha. Koma chenjerani ndi munthu amene amakuwerengerani ndime imodzi n'kutseka buku msanga, makamaka ngati pambuyo pake akufuna ndalama zanu, mbuzi yanu, kapena akukuuzani kuti mutaye mankhwala.

Yesani kuchita izi. Popita ku tchalitchi tengani pensulo ndi kapepala. Lembani buku, mutu ndi ndime zimene zawerengedwa. Mukafika kunyumba werengani mutu wonsewo mokweza, pang'onopang'ono. Ngati mukuyamba kumene, yambani ndi Marko. Ndi buku lalifupi, la mitu 16, ndipo nkhani zake ndi zosavuta kutsata. Mukamawerenga mutu umodzi pa tsiku, milungu itatu isanathe mudzakhala mutalimaliza. Mukhale awiri kapena atatu, wina aziwerenga, ena azimvetsera. Mawu amene akuvutani alembeni, mukafunse abusa, ansembe, akatekisiti kapena alangizi a sukulu ya kwacha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi Buku Lopatulika lidasindikizidwa chaka chanji? Tchulani phiri la ku Dowa pamene padachitikira mbali ina ya ntchitoyi.

2. Pa Luka 10:34, nambala ya mutu ndi iti, ndipo ya ndime ndi iti? Pezani malowa m'Baibulo lanu.

3. Tchulani mafunso anayi oti muzidzifunsa powerenga.

4. Werengani Machitidwe 10:9-28. Kodi Petro adati masomphenya ake ankatanthauza chiyani?

5. Mnansi wanu akukana kupita ndi mwana wodwala ku chipatala, ati Baibulo likuletsa. Mungawerenge naye malo ati, ndipo mungamulankhule bwanji mwaulemu?

6. Lembani m'kope mwanu mawu atatu atsopano amene mwawapeza m'kabuku kano, ndi tanthauzo lake.